Nkhata ya Smaranda

Castelvaro, Italiya
Lachinayi, 15 Meyi 2003

Okondedwa achemwali anga a Aglaia,

Ndayamba ndi moni kwa inu ndi onse pakhomopo. Kodi muli bwanji? Bondo lija lasiya kutupa, kapena mukungopita nalo kumunda monga mwa khalidwe lanu? Nanga amayi, chifuwa chija chawaleka? Pa foni munati ali bwino, koma mawu anu ndimawadziwa mukamandibisira zinthu. Ine kuno ndili bwino, kungoti msana umandikumbutsa m'mawa uliwonse kuti ntchito yanga ndi yonyamula munthu wamkulu.

Kalatayi ndaiika pansi pa paketi ya khofi, m'katoni yomwe ndikupatsira a Neculai, adalaivala a minibasi, Lamulungu likubwerali. Ikufikani Lachitatu ngati sachedwa pamalire. Muiwerenge muli nokha. Smaranda asaione. Mukumudziwa mwana wangayo, amawerenga chilichonse chokhala ndi zilembo, ngakhale pepala lokulungira sopo. Mukhululukenso malembedwe anga, mukudziwa pomwe ndinalekezera sukulu.

Zomwe munanditumizira zinafika. Tchizi chinali bwinobwino, koma botolo limodzi la jamu linatayikira pa thaulo, ndipo thaulolo ndachapa kawiri likununkhirabe kwathu. Sindikudandaula. Kuno kwayamba kale kutentha ngati kwathu ku Romaniya mu Julaye, mvula yasowa, ndipo agogo Assunta omwe ndimawasamalira akukana kumwa madzi, ati ndikufuna kuwamiza.

Pakona pa katoni yanuyo ndinapeza envelopu ya Smaranda. Munali kapepala ndi ulusi wofiira womangidwa mfundo kumapeto onse awiri. Pakapepalapo analemba kuti:

"Amayi, uwu ndi muyezo wa mutu wanga, kuchoka pa mfundo kufika pa mfundo. Ndayeza katatu. Mukonzeretu waya kuti mukadzafika tisadzataye nthawi."

Achemwali, ndinakhala pabedi ndi ulusiwo m'manja mpaka agogo anandiitana kachitatu. Kenako ndinauzunguliza pamutu panga. Unangoperewera zala ziwiri kuti ukwane. Ine m'maganizo mwanga ndimaonabe kamutu kaja komwe ndinalukira chipewa chabuluu pochoka, komwe kankakwana m'manja mwanga muwiri pokasambitsa. Mutu wakula wonsewu ine kulibe.

Nkhani yomwe ndalembera kalatayi ndi imeneyi. Mukukumbukira tsiku lomwe ndinkanyamuka, zaka zitatu zapitazo, Smaranda atagwira siketi yanga pa msewu? Sankafuna kuisiya. Ndiye ndinamulonjeza kuti chaka chomwe adzakhale woyamba m'kalasi, ndidzabwera tsiku lotsekera sukulu kudzamulukira nkhata ya maluwa ndi manja anga, n'kudzaima kutsogolo pomwe aphunzitsi azidzamuveka. Anasiya siketi. Chaka chilichonse wakhala akundikumbutsa, ine n'kumavomera.

Ndinene zoona, poti kwa inu sindingabise. Ndinalonjeza chifukwa ndinkaona kuti sizingachitike. M'kalasimo muli Ilinca, mwana wa adokotala a ziweto, yemwe kwawo kuli mabuku mpaka kudenga. Nkhata inali yake chaka ndi chaka. Wathuyu ankakhala wachitatu, chaka chatha wachiwiri, ndipo ine ndinkamutonthoza pa foni kwinaku mtima uli m'malo. Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ine ndinkayesa langali ndalibisa pamalo pomwe palibe angalifikire.

Sindinadziwe kuti kubwera aphunzitsi atsopano. Mayi Vieru amenewa sindinawaonepo nkhope, koma ndimawaganiza tsiku lililonse. Pamene munandiuza kuti ana akumapitanso kusukulu Loweruka, ati kukachita kalabu, ndinkayesa ndi zamasewera. Kenako ndinamva kuti awagawa m'magulu, gulu lililonse lisankhe chinthu chimodzi cha m'mudzi mwathu n'kuchifufuza lokha chaka chonse. Ena anasankha njuchi, ena nyimbo za paukwati. Wathuyu, mwa zinthu zonse za pansi pano, anasankha zitsime.

Mukukumbukira momwe ndinakuvutitsirani. Ndinati mumuletse, mukauze aphunzitsiwo kuti amupatse njuchi, kenako ndinakumbukira kuti njuchi zimaluma. Ndinati mwina muzimumanga chingwe m'chiuno akamasuzumira. Alamu anga a Toader analanda foni n'kunena kuti akagula unyolo wa ng'ombe, ndingowauza kukula kwake. Ndinawakwiyira sabata yonse. Muwauze kuti ndinawakhululukira, chifukwa ndinamva kuti ndi iwo omwe ankayenda ndi anawo Loweruka lililonse, atawanyamulira chingwe cha mfundo choyezera kuya kwa zitsime.

Zitsime makumi atatu ndi chimodzi. Mwanayo anandiwerengera zonse pa foni, kuya kwake, kuzizira kwa madzi ake, chomwe chimauma m'chilimwe ndi chomwe sichinaumepo. Anazungulira nkhalamba zonse kufunsa kuti anakumba ndani, n'kupeza kuti zisanu ndi zinayi anakumba malemu bambo athu. Ine mwana wawo ndinkangodziwa zinayi.

Tsiku lina anandifunsa kuti agogo ake ankadziwa bwanji pomwe pali madzi. Ndinati akafunse anthu ophunzira. Iye anati aphunzitsi anena kuti wodziwa ndi yemwe anaona, ndipo inuyo munamuuza kuti ine ndi amene ndinkawanyamulira bambo fosholo. Ndiye ndinamufotokozera momwe ankayang'anira pomwe chisanu chayamba kusungunuka, ndi momwe ankakwiririra mbale yadothi chozondotsa, mkati ataika ubweya wa nkhosa, m'mawa n'kukaufinya kuti aone ngati wanyowa. Ndinkalankhula ndili m'kachipinda ka foni ku sitolo ya Mpakistani, kunja anthu akugogoda galasi kuti ndifulumire, koma ine ndinali ku dambo la kumunsi kwa tchalitchi, ndikumva fungo la dothi lofukulidwa. Smaranda ankangoti, pang'onopang'ono amayi, ndikulemba.

Munandiuza kuti m'buku lomwe anawo anasoka okha muli dzina langa. Ati pansi pa tsamba analemba kuti zanenedwa ndi Profira Ursachi, mayi anga, omwe ali ku Italiya. Ine amene ndinasiya sukulu kalasi yachinayi kukaweta atsekwe, dzina langa lili m'buku lomwe lawerengedwa ndi akuluakulu a ku boma. Nthawi yathu ija, tsiku lotsekera ine ndinkangothyola maluwa a nkhata za ana a eni ake n'kukaima kumbuyo pafupi ndi mpanda.

Ndiye Lamulungu lapitali munandiuza mukuseka ndi chimwemwe kuti bukulo lapambana masukulu onse a m'boma, kuti sukulu yalandira makina oonera tizilombo ta m'madzi, ndipo mayi Vieru anena kuti akaphatikiza mayeso ndi ntchito ya zitsime, woyamba ndi Smaranda. Pa 13 Juni avekedwa nkhata. Munadabwa kuti ndakhala chete. Ndinati foni ikuvuta. Foni inali bwino, achemwali.

Palinso china choipa kuposa apa. Pa Pasaka, nditamva kale kuti bukulo lapita ku boma, ndinaima m'tchalitchi ndi kandulo m'manja, ndipo mumtima munadutsa mawu akuti, Ambuye, chaka chino chokha akhale wachiwiri. Sindinawatchule ndi pakamwa. Komabe ndinawaganiza, mayi wobereka, pamaso pa Mulungu. Sindinauze ngakhale abusa. Ndauza inu.

Musaganize kuti sindinayese. Lolemba ndinalankhula ndi a Ettore, mwana wa agogo Assunta, yemwe amandilipira. Ndinakonzekera mawu tsiku lonse, ndikuopa kuti andiuza kuti ndilongedze katundu. Koma anangoti mwana akachita bwino mayi ayenera kukhalapo, nditenge masiku khumi, akazi awo adzagona ndi agogo. Ndinatsala pang'ono kuwapsompsona dzanja. Tsiku limenelo ndinayamba kuganiza za diresi yodzavala.

Lachiwiri ndinakwera basi yoyamba kupita ku mzinda, ku ofesi ya zitupa zololeza alendo kukhala m'dziko muno. Mukudziwa kuti mapepala anga ndinapereka chaka chatha, pomwe boma linalola kuti ife ogwira ntchito m'nyumba tilembetse, ndipo mpaka lero ndili ndi kalisiti kokha komwe ndimayenda nako m'kamisolo. Ndinaima pamzere mpaka masana. Nditafika pawindo ndinaonetsa kalisitiko, ndinaonetsanso chithunzi cha Smaranda, sindikudziwa chifukwa chake. Kalaliki wake anali mtsikana waulemu. Anati kutuluka ndingathe, palibe angandigwire, koma ndikangodutsa malire chitupa chisanatuluke, pempho langa lafa ndipo sindidzaloledwa kulowanso. Ndinafunsa kuti chituluka liti. Anati mwina Seputembala, mwina Khirisimasi. Ndinafunsanso ngati masiku asanu okha angaloledwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Mayi, ngakhale ola limodzi. Musadziwonongere zomwe mwadikira nthawi yonseyi."

Poopa kuti mwina sindinamve bwino chilankhulo, dzulo ndinapitanso kwa loya yemwe amathandiza anthu ku tchalitchi cha Akatolika. Ananena zomwezo, n'kundijambulira papepala.

Ndaganiza mbali zonse mpaka mutu kuwawa. Ndikabwera tsopano, ndidzamuveka nkhata, tidzajambulitsa, kenako ndidzakhala pakhomopo wopanda ntchito, zaka zitatu zapita pachabe, ndipo chaka chamawa sukulu yake ikufuna zambiri kuposa chaka chino. Ndikadikira, chitupa chikatuluka ndizibwera chilimwe chilichonse poyera, osabisala pansi pa zikwama ngati momwe ndinalowera, mwinanso iyeyo adzabwera kudzaona kuno. Nzeru zikuti dikira. Koma nzeruzo sizinagwidwe siketi pa msewu. Sindibwera, achemwali.

Lero masana, poti Lachinayi timapuma, ndinakumana ndi amayi anzanga a kwathu ku Romaniya pa mabenchi a ku paki. Panali Veta, uja wa ku Dorohoi ndinakuuzani kuti pakamwa pake sipatsekeka. Nditamufotokozera anandiseka. Anati ndimadandaula ngati nkhuku yofungatira mazira a bakha.

"Iwe Profira, ukuyesa ndiwe woyamba kunamiza mwana? Udzamuuze kuti minibasi inafera ku Hungary. Kenako umutumizire njinga. Wanga ndinamuuza kuti pasipoti inagwera m'makina ochapira, pano ali ndi ndevu, sanafe."

Ndinamuyankha kuti wakeyo mwina, koma wanga anayeza zitsime makumi atatu ndi chimodzi, adzafunsa kuti inafera tauni iti, chinawonongeka n'chiyani, kenako adzapita ndi kope kwa a Neculai kukafunsa. Onse anaseka. Veta anati ndiye vuto lophunzitsa ana limenelo, amasanduka apolisi m'nyumba. Kenako ananena kuti mnyamata wake uja masiku ano akamuimbira amangofunsa kuti katoni ifika liti. Anatsegula chikwama n'kuyamba kufunafuna chinthu chomwe munalibe.

Ndikuuzeninso zauchitsiru zomwe ndinachita. Ndisanapite n'komwe ku ofesi kuja, mtima unali utandiuza kale, ndiye ndinaganiza kuti mwina ndingaluke nkhata kuno n'kuitumiza, kuti lonjezo likwanire ngakhale theka. Lolemba m'mawa ndinadula marozi m'munda mwa agogo, ndinaluka, ndinaikulunga m'nsalu yonyowa n'kuitsekera m'katoni m'galaja, momwe mumatentha ngati kumbuyo kwa minibasi. Ndinati ndione ngati ingapirire masiku atatu a ulendo. Lero m'mawa ndatsegula. Inali yakuda, yoterera, fungo lake ngati madzi a m'vazi ya maluwa ya kumanda. Ndakaitaya mobisa.

Agogo Assunta anandipeza ndikuluka tsiku limenelo. Ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndi zisanu ndi zitatu, mutu umabwera n'kumapita, koma lilime silinakalambe. Anayendetsa chikuku chawo mpaka pathebulo n'kufunsa kuti marozi awo andilakwira chiyani. Nditati ndi nkhata, anati:

"Kuno nkhata timaveka omaliza yunivesite ndi akufa. Ine ku yunivesite sindinapiteko. Ndiye ukundikonzera chiyani, mfiti iwe?"

Ndinawafotokozera kuti kwathu mwana woyamba m'kalasi amavekedwa nkhata pabwalo la sukulu, makolo onse akuona. Analamula kuti ndiwayese. Ndinawaveka, anadziyang'ana pa galasi la kabati nthawi yaitali, n'kunena kuti ikuwakhala kuposa momwe ingamukhalire mpongozi wawo. Kenako anandifunsa chomwe ndikulirira. Nditawauza, anamenya tebulo n'kuti ndipite lero lomwe, nanga ndamangidwa? Sipanathe mphindi zisanu anandigwira mkono n'kuyamba kunditchula dzina la mwana wawo wamkazi yemwe anamwalira, akuti ndisawasiye okha ndi anthu achilendo. Ndi momwe tikukhalira, ine ndi iwo.

M'katonimu mupeza khofi, mafuta a olivi, mankhwala opaka a bondo lanu, masokosi a amayi, ndi nsapato zoyera za Smaranda. Ngati zamuthina musamuuze kuti apirire, mupatse mwana wa aneba. Pansi penipeni, m'thumba la pepala, muli mkombero wa waya. Ndaupinda motsatira ulusi uja, kuchoka pa mfundo kufika pa mfundo, n'kuwonjezera chala chimodzi chifukwa cha mapesi a maluwa. Ndaukulunga ndi riboni yobiriwira n'kusoka kuti waya usamukande. Umenewo muubise kaye pamodzi ndi kalatayi.

Za kuluka sindikupemphani, ndikudziwa kuti mudzaluka, ndipo manja anu amaposa anga. Kungoti musadzagule maluwa a m'tauni. Mudzathyole a pakhomo pa amayi dzuwa lisanatuluke, n'kuwaika m'ndowa ya madzi ozizira. Ndikuopa kuti maluwa akuluakulu a bujori adzakhala atayoyoka pofika tsikulo. Ngati alipo, musaike ambiri kutsogolo, amalemera, nkhata ingamugwere m'maso akuwerenga ndakatulo. Mudzatenge mapini a tsitsi anayi. Kukakhala mphepo, asanu ndi limodzi. Basi, ndasiya, mukudziwa kale zonsezi.

Pempho langa ndi limodzi, ndipo ndi lovuta. Musamuuze kanthu. Musamukonzekeretse, musanene kuti mwina amayi ako atanganidwa. Mwamulera zaka zitatu, mwamuchapira, mwamugoneka akudwala, sindingakusenzetseninso bodza langa. Lamulungu pa 25 Meyi ndidzaimba 4 koloko madzulo, ndipo ndidzamuuza ndekha kuti sindibwera. Ndidzamuuza za chitupa momwe zilili. Ndidzamuuzanso kuti tsiku lija pa msewu ndinalonjeza chinthu chomwe sindinkadziwa ngati ndingachikwanitse. Za kandulo ya Pasaka zokha sindidzanena, zimenezo zikhale pakati pa inu, ine ndi Mulungu.

Chomwe ndikupempha n'chakuti mudzakhale naye pafupi, koma musadzandipulumutse. Ndimakudziwani. Mwana akangoyamba kulira mumalanda foni n'kuyamba kundiuza za nkhuku ndi mitengo ya chimanga. Tsiku limenelo musadzatero. Akadzalira, alire ine ndikumva. Akadzanditchula wabodza musadzamukalipire, adzakhala akunena zoona. Akadzaika foni pansi musiyeni, ndidzadikira pang'ono n'kuimbanso, ndipo ndidzaimbabe mpaka mwini sitolo atseke.

Mkombero uja mudzamuonetse pambuyo pake, osati tsiku lomwelo. Akadzaukana musamukakamize, mudzamulukire pa waya wina. Chomwe ndikuopa kwambiri n'chakuti angakane kupita ku mwambowo. Zikadzafika pamenepo, chonde mukalankhule ndi mayi Vieru, iwo amawamvera. Nkhatayo si yanga, sindinamugulire ndine. Anaipeza yekha ndi chingwe chake, ndipo asaitaye chifukwa cha ine.

Agogo adzuka, ndikumva akuguguda ndodo pansi, ndiye ndilekeze apa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti azivala masokosiwo, asawasungire maliro. Moni kwa alamu anga a Toader, kwa ana anu onse awiri, kwa azakhali a Catinca ndi amalume, ndi kwa anansi omwe amandifunsabe. Mukapita kumanda mukayatse kandulo pa bambo m'dzina langa, muwauze kuti mdzukulu wawo wawerenga zitsime zawo zonse. Kwa mayi Vieru mukanene kuti mayi wa Smaranda akuthokoza, ngakhale amuika m'mavuto.

Smaranda yekha musamupatse moni wanga, angadziwe kuti kwabwera kalata. Ndidzamupatsa ndekha pa 25, ngati adzafune kuulandira.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Profira